Ulusi Wosefa Mpweya

"Ndikakaphunzira kunja, ndidzakubweretserani mpweya, bambo," analonjeza akali mnyamata, atamva chifuwa chawo chikulira ngati chitseko chadzimbiri.

Anabwerako ali ndi imvi. Anawapeza bambo m'chipatala chakale cha kwawo, silinda ya okosijeni itatha.

"Achimwene, paja kunjako mumasefa mpweya?" anatero mlongo wake. "Tulutsanitu!"

Anapisa dzanja m'chikwama natulutsa kamtolo ka ulusi woyera, woonda ngati tsitsi, wobooka m'kati ngati bango. Kufakitale komwe ankagwira ntchito kunjako ulusiwu umasefadi mpweya: okosijeni amamutaya, wotsalawo n'kupopera m'mapaketi kuti tchipisi zisawonongeke.

Bambo anausisita, akumwetulira. "Ndi umenewu, mwanangu? Ndiuike pamphuno?"

"Ayi, bambo."

Mpweya uja sanabweretse.