Mikwingwirima ya Pakhosi pa Tijana

"Wakuluma ndani pakhosipa?" mayi Zorica anafunsa akukoka kolala ya mwana wawo Tijana.

"Palibe, amayi."

"Lamlungu lililonse palibe? Dzina lake ndani mnyamatayo?"

Tijana anangoweramira khofi wake.

Lamlungu lotsatira mayiwo anamulondola pa takisi mpaka kubwalo lakale la ndege, kumene achinyamata amaloledwa kuthamangitsa magalimoto amphamvu amene lamulo limawaletsa pamsewu. Anapeza Tijana ali pachiwongolero, malume ake a Radovan akumukunga malamba, lamba wina akumudya pakhosi pomwepo. Galimoto inabangula, n'kuzimirira mu utsi.

"Mwaona, achemwali? Kulibe mwamuna kuno," anatero a Radovan akuseka.

Mayi Zorica anagwiririra mpanda.

"Bola akanakhala mwamuna, achimwene."