Nsonga za Geti

Kansanza kena kanali katakodwanso pansonga ya geti m'mawa umenewo. Mmisiri wowotcherera zitsulo anakakolola ndi ndodo, kanagwera m'dzanja lake. Kanali kobiriwira, ka timaluwa tachikasu. Nsalu imeneyi sakanaisokoneza ndi ina. Mkazi wake anagula mpukutu wathunthu, ati yatsika mtengo, nadzisokera diresi, ndipo ndi diresi lomwelo anamuika nalo m'manda.

Getilo mmisiriyo analikonza yekha. Mkazi wake atagundidwa ndi lole pamsewu wa kutsogolo kwa nyumba, atangotuluka kukagula ulusi, mmisiriyo anakwiyira msewu ndi onse oyendamo. Anakweza mpanda. Pamwamba pa geti anawotchererapo nsonga zonola ngati mikondo, pakati anaikapo loko wamkulu, kiyi n'kumuvala m'khosi. Mwana wake wamkazi, mtsikana woti anzake anayamba kale ntchito, anamusiyitsa sukulu ya zosoka.

"Ndatsala ndi iwe wekha," anatero. "Msewu sudyanso munthu wanga."

Azakhali a mtsikanayo anabwera kudzamudzudzula, koma analankhulira kunja kwa geti mpaka mawu kusasa. Mmisiriyo ankati chimenechi ndiye chikondi, ndipo panalibe womutsutsa, poti otsutsa onse anali kunja. Tsiku lonse mtsikanayo ankaswera m'chipinda mwake, makina osokera a amayi ake akulira.

Kansanza koyamba bambo wake anati ndi mphepo. Kachiwiri anati ndi ana a m'mudzimo, ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti palibe mwana angafike pamwamba pamenepo. Koma aka kanali ndi kadontho kouma ka magazi. Anaimirira n'kuyang'ana nsonga zake, ntchito yomwe ankainyadira, ndipo anamva chisoni chosaneneka. Mkazi wake anachoka pakhomo pano opanda kutsanzika, akuti abwera msanga. Tsopano, mmisiriyo anaganiza, malemuyo ankafuna kubwerera pakhomo pake, koma mwamuna wake yemwe anali atamutchera zitsulo.

Anapeza mwana wake m'khitchini akutsuka makapu, dzanja lina atalikulunga ndi bandeji.

"Dzanjalo watani?"

"Ndi sizasi, bambo."

Anamuonetsa kansanza kaja. Mtsikanayo anauma pomwe anaimapo, kapu ikudontha madzi.

"Usaope," anatero bambo wake monong'ona. "Ndi amayi ako. Akumabwera, koma akulephera kulowa."

Mtsikanayo anaika kapu ija pambali. "Bwanji osangowatsekulira geti, bambo?"

"Geti silitsekulidwa!" Dzanja linathamangira pakhosi, pomwe panali kiyi. Wakufa ankamufuna, koma amoyo a mumsewu ankawaopabe.

"Ndiye achotsereni nsongazo," anatero mtsikanayo. "Akuvulala."

Misozi inalengeza m'maso mwa mmisiriyo. Mwana wamtima ngati amayi ake! Tsiku limenelo sanagwire ntchito ya munthu aliyense. Anakwera pamakwerero ndi makina odulira zitsulo, nayamba kudula nsonga imodziimodzi. Moto unkathetheka, zitsulo zikugwa pansi, nge, nge. Oyandikana nawo ankasuzumira n'kumapukusa mitu, koma iye analibe nawo ntchito. Atamaliza anapalapala pamwamba ponse mpaka posalala, kuopa kuti nsalu ingakodwenso. Makwerero anawatsekera mosungira zida monga mwa masiku onse.

Kenako anaganiza zina. Munthu akabwera, udziwa bwanji kuti anabwera? Anasefa mchenga wosalala nauwaza kuchokera pageti mpaka pachiundo cha nyumba, pakhomo penipeni pomwe mkazi wake ankavulira nsapato. Anasesa pachiundopo. Pambali anaikapo kampando kamene malemuyo ankakhalira posoka, kuti akafika apume, poti ulendo wake ndi wautali. Chitseko cha nyumba, chomwe ankachikhoma dzuwa likangolowa, anachisiya chongotseka.

Pa chakudya chamadzulo mwana wake anamuthirira madzi osamba m'manja, namuyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kunena kanthu.

"Bambo, mankhwala anu a chifuwa ali pamwamba pa kabati. Musamaiwale."

"Ndingaiwale bwanji iwe ulipo?" anaseka. Kanali koyamba kuseka chimwalirire mkazi wake.

Anadzuka kukuyera, mtima ukugunda ngati wa mnyamata wokaona mbeta. M'nyumba munali zii. Anatsekula chitseko pang'onopang'ono, akuopa ndi kulakalaka nthawi imodzi. Anayamba wayang'ana pamwamba pa geti: panalibe kansanza. Wadutsa bwino! Kenako anayang'ana pansi. Pamchenga panali mapazi a munthu wamkazi, osavala nsapato, odindika bwinobwino.

"Mwanawe!" anafuula. "Dzuka udzaone! Amayi ako abwera!"

Palibe anayankha. Anathamangira kuchipinda kwa mwanayo. Bedi linali loyala, ndipo pamakina osokera panali tizidutswa ta nsalu yobiriwira ya timaluwa tachikasu, totsala pa mpukutu uja.

Anabwerera pachiundo akudzandira, nayang'ananso mapazi aja. Zala za mapaziwo zonse zinaloza kugeti, osati kunyumba. Kampando kaja kanali katatsamira patsinde pa geti, mkati mwa mpanda, pomwe munthu anapondapo pokwera.