Agogo Osochera a ku Bath

Dorica anawaona agogowo akudzidzimuka pa benchi, pakati pa maluwa, ndipo nthawi yomweyo anadziwa matenda awo. Mzungu wa imvi mbuu, juzi yomanga mabatani mosemphanitsa, masilipasi kumapazi dzuwa likuswa mtengo. Anayang'ana uku, nayang'ana uko, ngati munthu wotsika pa siteji yolakwika.

Miyezi isanu ndi inayi yosamalira okalamba ku Dudley, ku Ulaya, inali itamupatsa Dorica diso. Ife a ntchito imeneyi tili choncho. Tikaona nkhalamba ili yokha, ngakhale mu shopu, manja amayamba kuyabwa.

Tsikuli linali lopuma. A mpingo wake anachita hayala basi kudzaona mzinda wa Bath, kumene madzi otentha amatumphuka pansi. Iye anakwera atangoweruka kuntchito, maso akulemera ndi tulo, ndipo anagona ulendo wonse. Atafika, anzake anakafola pa mzere kuti alipire zoonera madziwo. Dorica, mwana wa ku Nkhotakota, anakana. Madzi otere kwawo ku Mawira anthu amachapira zovala ulele. Iye anasankha munda wa maluwa wa m'mbali mwa mtsinje, kuti ajambule zithunzi akumudzi aone kuti ku Ulaya munthu amapumako.

Basi inali yonyamuka folo koloko. A Maynard, wapampando wa ulendowu, anali atanenetsa kuti wochedwa aona yekha chochita. Ndipo Dorica sakanayerekeza kutsala. Mawa lake seveni koloko anali pa shifiti, abwana anali atamuchenjeza kale kawiri za kuchedwa, ndipo viza yake inali yomangiriridwa pa ntchito yomweyo. Ntchito ikatha, n'kulongedza.

Kunali kutatsala mphindi makumi awiri. Komabe anapita pa benchipo, nanyonyomala kuti maso alingane monga anamuphunzitsira, n'kufunsa dzina ndi Chingerezi chofewa chija timasungira odwala.

"Rowland," anatero agogowo, akuyang'ana wotchi. "Ndiyenera kupita, mayi. Anthu akundidikira kuntchito."

Dorica anamwetulira. Kuntchito! Kumene iye amagwira kuli agogo ena amene madzulo alionse amavala chipewa kuti akatsegule fakitale imene inagwetsedwa kalekale. Lamulo lake ndi limodzi: usatsutse, ingokhotetsa nkhani.

Agogowo anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi. Dorica anaona kuti ndi a galimoto. Munthu womanga mabatani chonchi akagwire chiwongolero?

"Okongola bwanji! Ndione nawo," anatero. Dzanja lozolowera kulanda malumo ndi machesi silinachedwe. Makiyi analowa m'chikwama, zipi n'kutseka.

Nkhope ya a Rowland inafiira psuu.

"Mayi, mukudziwa kuti ine ndine ndani? Ine ndine..."

"Ndikudziwa, agogo, ndinu munthu wofunika kwambiri. Tandiuzeni, maluwa ofiirawa dzina lake n'chiyani?"

Akati atsegule pakamwa, Dorica ankawafunsa za akazi awo. Akati aimirire, ankawagwira pachigongono n'kuwakhazikanso, akusisita phewa. Atakalipa kuti aitana apolisi, zinapezeka kuti foni anaisiya "kuntchito" komweko. Osochera onse amatero. Odutsa ankacheuka, koma akaona mayi wachikuda wodekha akutonthoza nkhalamba yolusa, ankagwedeza mutu momumvera chisoni n'kupitirira. Apolisiwo anawaimbira ndi Dorica mwini wake, ndipo anamuuza kuti asawasiye okha agogowo mpaka iwo atafika.

Belu la tchalitchi linalira kanayi.

Dorica anadziwa kuti basi ikunyamuka. M'maganizo anaona nkhope ya abwana ake, anaona kalata yomuchotsa ntchito, anaona ndege yobwerera ku Lilongwe. Anachita mantha enieni. Foni yake inayamba kulira, a Maynard. Sanayankhe, kuopa kuti angamunyengerere. Anangolemba kuti: "Dzipitani a chair, ndili ndi emergency. Mulungu aona."

Atatumiza, misozi inalengeza. Koma tinene zoona, pansi pa manthawo panali kukoma kwina. Anayamba kale kukonza umboni wa Lamlungu, za Msamariya wa ku Nkhotakota amene anataya basi chifukwa cha nkhalamba yosaidziwa. Anasankhiratu malo amene mawu ake adzanjenjemere. Mwinanso a m'banja la agogowa adzalembera abwana kalata yothokoza. Anatulutsa foni n'kudzijambula nawo, iye akumwetulira mwachifundo, iwo ataphimba nkhope ndi manja.

"Musadandaule, agogo. Ine sindikusiyani," anatero.

"Ndi chimene ndikuopa," anayankha a Rowland ndi mawu otheratu.

Hafu pasiti folo itadutsa, pa geti panatulukira a Maynard, thukuta kamukamu, akulu ampingo awiri ali pambuyo. Dorica anagwira pamtima. Sanamusiye! Anthu makumi asanu aimitsa ulendo chifukwa cha iye yekha! Anaimirira n'kutambasula manja, misozi ikutsika.

A Maynard anamudutsa ngati mtengo, nathamangira pa benchi.

"Adalaivala! Tazungulira tawuni yonse kufuna inu!" Kenaka anacheuka, akupuma mwabefu. "A Dorica, anthu aima pa car park since folo, basi ndi yokhoma. Nanga inu mukutani ndi adalaivala athu?"

Kumbuyo kwawo, apolisi amene Dorica anaitana yekha anali akulowa pa geti.