Cayena Yoposa Khoma

Doña Eulalia ankayanika zovala pamene anaona duwa lachikasu likusuzumira pamwamba pa khoma. Pambali pake panali lofiira. Mphepo itakankha nthambi, loyera nalo linatulukira. Mitundu itatu pa chitsamba chimodzi, ndipo chitsambacho sichinali chake. Chinali m'bwalo la Casilda, telala wa nyumba yoyandikana nayo.

Malaya amene anali m'manja mwake anagwera m'fumbi.

Tauni yonse inkadziwa kuti chitsamba chotere, cayena ya mitundu itatu, chili pakhomo limodzi lokha, pa Eulalia. Malemu Fermín, mwamuna wa Eulalia, ndiye anaimezanitsa ndi manja ake chaka chimene anakwatirana: tsinde limodzi, nthambi za mitundu itatu, polumikiza paliponse atamangapo kawaya kamkuwa. "Pachilumba chonsechi palibe mkazi wina amene ali ndi yotere," ankatero. Eulalia analibe mwana, analibe ndolo zagolide, koma anali ndi mawu amenewo, ndipo ankayenda nawo mutu uli m'mwamba.

Fermín anali munthu wa maluwa. Loweruka amuna anzake ankathera pa domino ndi botolo. Iye ankanyamula sizasi yake n'kunena kuti akukadulira maluwa a kutchalitchi, madzulo n'kubwera ali wofatsa, khofi akununkhira pamalaya. Mwamuna wotere umampeza kuti masiku ano? Tsopano sizasi ija inali pamsomali, dzimbiri litayamba kuidya.

Koma Casilda! Mkaziyo Eulalia sanamukondepo. Wosakwatiwa, wosaseka, chitseko chakumaso chotseka chaka chonse, iye n'kumatulukira kakhomo kakuseri ka m'kanjira ka kutchalitchi ngati wothawa anthu. Zaka zonsezi sanaitanepo mnansi wake ngakhale kukalawa madzi. Komatu pa mapemphero a masiku asanu ndi anayi a maliro anabwera atavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kulira mpaka alendo anayamba kupepesa iyeyo m'malo mwa namfedwa. Atatha kulira anakaima nthawi yaitali pa cayena ya malemuyo, akusisita masamba.

Tsopano zonse zinamveka. Maso ankalira, dzanja likuthyola. Mvula chaka chino yagwa yambiri, ndipo cayena ikapeza madzi imakula ngati ikuthamangitsidwa. Wakubayo anadzala nthambi za mwini wake, n'kuzisiya zikwere khoma kuti zizimuseka m'maso.

Eulalia anapsa mtima. Zimene Fermín anamusiyira zinali zochepa, ndipo ichi chokha sakanagawana ndi munthu. Anatenga chikwanje kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, n'kutuluka zovala zina zikadali m'beseni.

"Casilda! Tsegulani, ndadzatenga changa."

Makina osokera anasiya kulira. Chitseko chinatseguka pang'ono, Casilda ataluma mapini awiri pakamwa. Anawachotsa mosafulumira.

"Mwadzuka bwanji, Doña Eulalia? Chikwanjecho ndiye moni wa lero?"

"Moni wa akuba ndi womwewu. Mwamuna wanuwanu munalephera kupeza, ndiye mwati mubereko maluwa a wamasiye? Manyazi munasokerera m'diresi la yani?"

Pamakonde a tsidya la msewu mipando yogwedera inaima. Amayi awiri anaika makapu pansi kuti amve bwino.

"Samalani pakamwa, mayi," anatero Casilda. "Lilime likathamanga, mwini wake ndiye amalumidwa. Bwererani mukamalize kuyanika."

"Ndikamaliza ndikadula. Patukani."

Casilda anamuyang'ana kwa nthawi, m'maso mulibe mantha, mulibenso chisoni. Kenako anatsegula chitseko chonse.

"Lowani. Dulani. Ine mphamvu zoidulira ndilibe."

Eulalia anadutsa m'chipinda chodzaza nsalu osayang'ana uku ndi uku. Kuseri kunali kabwalo kosesa bwino, mipando iwiri pansi pa mthunzi, ndi kakhomo kaja. Mipando iwiri kwa munthu wosalandira alendo! Kunyada kwa anthu ena kulibe mankhwala. Cayena inali pakona, yodzaza maluwa kuposa yake, ndipo zimenezo zinangowonjezera moto.

Anagwada, nakankha masamba ndi dzanja lamanzere, kufunafuna katsinde kanthete koti akasadze kamodzi kokha.

Dzanja linagunda mtengo. Tsinde lake linali lonenepa ngati ntchafu ya munthu, lokhakhala, lokalamba kuposa la kwake. Pamene nthambi zitatu zinkasiyana panali kawaya kamkuwa, khungwa litakameza pafupifupi konse. Anakweza maso. Nthambi iliyonse inali ndi zipsera zakale, zodulidwa mopendeketsa mwaukhondo, mmene dzanja limodzi lokha linkadulira. Zipsera zonse zinathera pamzere umodzi, pansi pang'ono pa mutu wa khoma.

Chikwanje chinamulemera.

"Yanu ija ndi mwana wa iyi," anatero Casilda ali chiimire pakhomo. "Zaka zonsezi sinaposepo khoma chifukwa inali ndi woidulira Loweruka lililonse. Ndi uja munamuika m'manda."