Kumchira kwa Tepi

Filimu itangotha, anthu anakankhana pakhomo ngati mbuzi zotuluka m'khola, koma a Gilibati anatsala pabenchi yakumbuyo monga mwa chizolowezi chawo. Efulemu, mwini nyumba ya vidiyo pa Mitundu, anawaponyera diso loipa, n'kutsitsa mawu a kanemayo, n'kutuluka kukaitanira anthu ena. Zilembo za kumapeto sankazidikira. Tepi ikafika kumchira, makina ankaibweza okha.

Tepiyo anaigula yotchipa ku Lilongwe, kwa mkulu wina wojambula maukwati amene ankakopera mafilimu pa matepi ake akale. Inali nkhani ya mzungu wopanga makina obwerera m'mbuyo. Ankakwera, n'kukatsikira m'chaka chimene wafuna kuti akakonze zimene anaononga, koma ulendo uliwonse ankabwerako zinthu zili momwemo. Anyamata anatopa nayo msanga poti munalibe zibakera. A Gilibati okha ndiwo ankaiitanitsa tsiku lililonse la msika.

Efulemu ankadziwa bwino chimene mdalayo ankasilira. Nthawi ya chipani chimodzi, a Gilibati ndiwo ankaima pa siteji ya basi ku Nathenje, chibonga chili m'manja, kufunsa khadi ya chipani. Wopanda khadi sankakwera. Tsiku lina wopanda khadiyo anali a Esitere, amayi ake a Efulemu, thupi lili moto ndi malungo, akupita kuchipatala. Anawabweza. Mayiwo anamwalira sabata yomweyo osasiya ngakhale chithunzi chimodzi, ndipo chimene chinkamupweteka Efulemu koposa n'chakuti nkhope yawo inali itayamba kufufutika m'mutu mwake. Akatsinzina kuti awakumbukire, ankangoona duku.

Tsopano matipate anali atabwera, chibonga chitatha ntchito, ndipo munthu amene ankanjenjemeretsa msika wonse ankayenda chozyolika, kulambalala magulu a anthu. Ngakhale m'vidiyomo ankatuluka pomaliza, kuopa zigongono za pakhomo.

"Akufuna makina aja awabwezere ku ufumu wawo," Efulemu ankatero pouza anzake. "Aiwala kuti mlandu suola."

Kangapo konse mdalayo anayesa kumuimitsa pakhomo. "Achimwene, pali kanthu kena…" Koma Efulemu ankangolandira ndalama yolowera n'kuwafulatira. Ankadana nawo, ndipo sankafuna kuti chidanicho chizirale ndi mawu opepesa.

Masana amenewo choko cholembera pachikwangwani chinamuthera, ndiye anabwerera m'nyumbamo. Kanemayo ankafulatira khomo, kuopa ana osuzumira ulere, choncho chimene Efulemu anaona polowa ndi nkhope ya a Gilibati basi. Anali atasendera kutsogolo, kuwala kwa kanema kuli pamasaya, akumwetulira.

Kumwetulirako kunamuwiritsa mtima. Munthu wopha mayi wa mnzake n'kumasangalala m'nyumba ya mwana wa malemuyo! Anadina batani ali chiimire pambali, n'kutsomphola tepi, n'kutuluka nayo panja. Anasolola riboni yake mikono ingapo anthu akuonerera, kenako anaiponya yonse m'moto wa pansi pa chiwaya cha wogulitsa tchipisi. Inafwanyika, fungo la pulasitiki lili gu.

A Gilibati anatuluka akupunthwa pamiyala ya pakhomo.

"Zapita sizibwerera, wamva iwe?" anatero Efulemu. Anawatchula kuti iwe mwadala, msika wonse ukumva. "Nthawi yako inatha. Ulibe kobwerera."

Ena anaseka, ena anaomba m'manja. Mdalayo sanayang'ane aliyense. Anagwada pafupi ndi chiwayacho, dzanja lili m'malere, ngati akufuna kupisa m'motomo, koma munali mutatsala phala lakuda lokha.

"Filimuyo sindinkaimva n'komwe, achimwene," anatero motsitsa. "Zilembo zikatha pamabwera kachidutswa ka ukwati wakale wa ku Nathenje, kamene filimu sinakafufute. Amayi anu ali kutsogolo, akuvina, akuseka. Ndi pokhapo pamene ndinkawapeza ali monga analili ndisanawabweze."

Efulemu anayang'ana motowo, kenako anatsinzina mwamphamvu. Anangoona duku.