Zithunzi za ku Chiang Mai

Chibakera cha Shadrick chinagwetsa Hamilton pakati pa magalimoto, kunja kwa tchalitchi mumzinda wa Lawrence. Anamuponda m'nthiti kawiri, kenako mkulu wake Lucious anamugwira Shadrickyo chakumbuyo.

"Mkazi wanga anati akupita ku Chiang Mai, ku Thailand, ndi manesi anzake," anatero Shadrick, akumuonetsa Hamilton zithunzi pafoni. "Nanga uyu si iwe? Apa mwavula nsapato pakhomo la kachisi, apa mukudyera mbale imodzi mumsika."

Hamilton analavula magazi ndi dzino.

"Achimwene, ine ananditenga kuti ndizioneka pazithunzi basi. Kuhotela ndinkagona ndekha. Funsani amene ankatijambula."

"Ndani?"

Hamilton anangoyang'ana kumbuyo kwa Shadrick. Apo m'pamene Shadrick anamva manja a mkulu wake akumasuka pang'onopang'ono.