Mlatho Wothera M'malere

Padangotero, mitsinje isanadziwe milatho, Nyani ankalima nthochi tsidya lino, Nguluwe chinangwa tsidya linalo. Akafuna kusinthana zokolola, Mvuu ndiye ankawolotsa katundu, n'kudyapo theka.

Nyani zinamukwana. "Achimwene," anakuwa, "tikulimira mimba ya Mvuu! Timange mlatho, inu mbali yanu, ine yanga, tikumane pakati."

Nguluwe anavomera.

Mawa lake Mvuu anavuuka pafupi ndi Nyani. "Mwini nzeruyi ndinu, bwana. Mlatho ungayambire pena, osati pakhomo panu?"

Nyani anadziguguda pachifuwa, n'kuzika nsanamira pakhomo pake, kumtunda. Sanadziwe kuti mawu omwewo afikanso kwa Nguluwe, yemwe ankakhala kumunsi.

Tsiku lotsegulira, ng'oma zikulira, Nyani anayenda monyang'wa, mkoko wa nthochi uli pamutu. Pakati pa mtsinje mlatho unangothera m'malere. Uko kumunsi, Nguluwe anali ataima kakasi pansonga pa wake.

"Sunthani wanuwo!" anakalipa Nyani.

"Musunthe ndinu!"

Pakati pawo madzi anagavira.

"Mwagwira ntchito, mabwana," anatero Mvuu, kukamwa kuli yasa. "Ulendo mwandifupikitsira. Koma theka langa ndi lomwe lija."